Foni yosayembekezereka yofunsa mafunso m'dzina la boma: mafunso ndi mayankho

Foni ikulira, nambala yake simukuidziwa, ndipo mukayankha mukumva munthu waulemu akunena kuti akuimba kuchokera ku nthambi ya boma yoona za ziwerengero, akupempha mphindi zochepa kuti akufunseni za pakhomo panu. Pamenepa anthu amachita zosiyana. Ena amadula foni asanamve n'komwe chimene akufunidwa, pamene ena amayankha chilichonse chifukwa choopa dzina la boma kapena chifukwa chochita manyazi kukayikira munthu amene wawalankhula mwaulemu. Mayankho otsatirawa alembedwa pofuna kuthandiza munthu kusiyanitsa kafukufuku weniweni ndi msampha wa akathyali, popeza zonse ziwirizi zilipo ndipo poyambira pake zimamveka chimodzimodzi.

Kodi n'zoona kuti boma limaimbira anthu foni pochita kafukufuku?

N'zoona. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi nthambi yosonkhanitsa ziwerengero, ndipo kuwonjezera pa kalembera wa anthu onse, amene mayiko ambiri amachita pa zaka 10 zilizonse, nthambiyi imachitanso kafukufuku wa mabanja ochepa osankhidwa, wokhudza ntchito, zaumoyo, ulimi, maphunziro ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama pabanja. Kutumiza anthu khomo ndi khomo kumadya ndalama zambiri ndi nthawi yaitali, n'chifukwa chake foni inakhala njira yodalirika. Ku United States, chiwerengero cha anthu osowa ntchito chimachokera ku kafukufuku wotchedwa Current Population Survey, amene amafikira mabanja pafupifupi 60,000 mwezi uliwonse. Banja losankhidwa limafunsidwa maulendo 8, ndipo ngakhale ulendo woyamba nthawi zambiri wofufuza amafika pakhomo, maulendo ambiri otsatira amachitika pafoni.

Mliri wa COVID-19 unakulitsa mchitidwewu. Mu 2020, pamene kuyendera anthu m'makomo kunali koika moyo pachiswe, World Bank inagwirizana ndi nthambi za ziwerengero m'mayiko monga Nigeria, Ethiopia, Uganda, Malawi ndi Burkina Faso kuti mabanja aziimbiridwa foni mobwerezabwereza pofuna kudziwa momwe mliriwo unakhudzira ntchito, chakudya ndi sukulu za ana. Choncho kungoimbiridwa foni m'dzina la boma si umboni wa chinyengo. Vuto n'lakuti akathyali nawonso amadziwa zonsezi, ndipo amavala dzina lomwelo chifukwa limatsegula pakamwa pa anthu.

Nambala yanga anaipeza kuti, poti sindinaipereke?

Njira zake n'zingapo. Mwina inu kapena wina wa pabanja panu anaipereka pa kafukufuku wam'mbuyomu ndipo anavomera kudzaimbiridwanso. Mwina yachokera m'kaundula wa boma amene lamulo limalola nthambi ya ziwerengero kugwiritsa ntchito. Njira ina, imene anthu ambiri saidziwa, ndi yakuti kompyuta imangopeka manambala mwachisawawa, n'cholinga chakuti aliyense amene ali ndi foni akhale ndi mwayi wofanana wosankhidwa. Zikatero, woimbayo sadziwa dzina lanu, ndipo zimenezi zisakudabwitseni.

Chofunika kuchimvetsa bwino ndi mbali inayo. Munthu akakutchulani dzina lanu lonse, komwe mumakhala ngakhalenso komwe mumagwira ntchito, si umboni wakuti akuchokera kuboma. Mayina ndi manambala a anthu amabedwa m'makompyuta a makampani, amagulitsidwa, ndipo ena timawafalitsa tokha pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wachinyengo wochenjera amayamba ndi kukuuzani zoona ziwiri kapena zitatu za inu kuti mumupatse chachinayi chimene akusowa.

Nambala imene yaoneka pafoni yanga ndi ya ofesi ya boma. Kodi zimenezi sizokwanira?

Sizokwanira. Amene amaimba kudzera pa intaneti amatha kusintha nambala yoonekera kwa wolandira, n'kuika ya ofesi ya boma, ya banki kapena ya polisi. Chimodzimodzinso dzina loonekera pamwamba pa uthenga wa pafoni likhoza kupekedwa, mpaka uthenga wabodza n'kulowa pamndandanda umodzi ndi mauthenga enieni. Chithunzi cha chizindikiro cha boma pa WhatsApp n'chosavuta koposa, chifukwa aliyense angathe kuchikopera.

Nanga ndichite chiyani foni yotereyi ikafika?

Choyamba, musafulumire kuyankha mafunso. Yambani inuyo kufunsa. Funsani dzina la woimbayo, nambala yake ya pantchito ngati ali nayo, dzina la nthambi imene yamutuma, dzina la kafukufukuyo, cholinga chake, ndi ngati kuyankha n'kokakamizidwa ndi lamulo kapena n'kodzifunira. Lembani zimene wanena. Wofufuza weniweni amaphunzitsidwa kuyankha mafunso amenewa ndipo amakumana nawo tsiku ndi tsiku, choncho sangakhumudwe nawo. Munthu akayamba kupsa mtima, kuzemba kapena kukuumirizani kuti nthawi ikutha, wadziulula yekha.

Kenako muuzeni mwaulemu kuti mukufuna kutsimikiza kaye, ndipo akhoza kudzaimbanso tsiku lina. Mawu ochepa ndi okwanira: "Pepani, sindiyankha mafunso ndisanatsimikize kuti mukuchokera kumene mwanenako; mundiimbirenso mawa." Mukadula, imbani nokha ku nthambiyo pogwiritsa ntchito nambala imene mwaipeza panokha, kaya pa tsamba lenileni la nthambiyo pa intaneti, pa kalata imene munalandira kale, kapena pofika ku ofesi yawo ngati ili pafupi. Musagwiritse ntchito nambala imene woimbayo wakupatsani, chifukwa amene adzayankhe kumeneko akhoza kukhala mnzake wokhala naye chipinda chimodzi. Pofufuza pa intaneti samalaninso ndi zotsatsa zimene zimabwera pamwamba pa zotsatira, popeza mbava nazonso zimalipira kuti masamba awo abodza aoneke poyamba. Ngati mwalandira pa lamya ya m'nyumba yoyendera mawaya, n'kwanzeru kudikira mphindi zingapo kapena kugwiritsa ntchito foni ina, chifukwa pa malamya ena akale mzere umatha kukhalabe wotsegula woimbayo akapanda kudula mbali yake.

Nthambi zambiri zinakonza kale njira zotsimikizira. Statistics Canada imaika pa tsamba lake mndandanda wa kafukufuku amene ali mkati, Census Bureau ya ku United States ili ndi malo ofufuzira mayina a antchito ake, ndipo Office for National Statistics ya ku Britain nthawi zambiri imatumiza kalata ku banja losankhidwa isanayambe kulankhula nalo. Kafukufuku wa boma amatenga masiku kapena milungu, ndipo ofufuza amayeserapo kangapo kuti apeze banja limodzi, choncho kudikira kwa tsiku limodzi sikuwononga ntchito ya munthu aliyense.

Ndi zinthu ziti zimene wofufuza weniweni sangapemphe?

Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo n'zosavuta kukumbukira mukaganizira ntchito ya kafukufuku. Wofufuza amafuna kudziwa momwe anthu akukhalira kuti aphatikize mayankho a mabanja masauzande ambiri n'kutulutsa chithunzi cha dziko. Pa ntchito imeneyi, nambala yachinsinsi ya akaunti yanu ya kubanki kapena ya ndalama za pafoni ilibe phindu lililonse. Chimodzimodzinso pasiwedi ya imelo, manambala a pakhadi la kubanki kuphatikizapo atatu a kumbuyo aja, ndi mayankho a mafunso obisika amene banki imakufunsani pokuzindikirani. Census Bureau imanena poyera kuti sipempha nambala yonse ya Social Security (nambala imene boma la United States limapereka kwa munthu aliyense pomuzindikira), nambala ya akaunti ya kubanki kapena ya khadi la ngongole, ndalama kapena chopereka, ngakhalenso chilichonse m'malo mwa chipani cha ndale. Mfundo imeneyi ingagwiritsidwe ntchito kulikonse.

Choopsa kwambiri masiku ano ndi kanambala kongogwira ntchito kamodzi kamene kamabwera pa uthenga wa pafoni. Chinyengo chake chimayenda motere: muli pakati pokambirana, woimbayo akunena kuti akutumizirani kanambala kotsimikizira kuti mwatenga nawo mbali, ndipo akupempha kuti mumuwerengere. Uthenga ukufikadi nthawi yomweyo, ndiye inu mukukhulupirira kuti wachokera kwa iye. Zoona zake n'zakuti iye akuyesa kulowa mu akaunti yanu ya kubanki, ya imelo kapena ya WhatsApp, ndipo kampani yeniyeniyo ndi imene yatumiza kanambalako kwa mwini wake, amene ndi inu. Mukangokatchula, mwamutsegulira chitseko ndi dzanja lanu. Uthengawo nthawi zambiri umalemba momveka kuti kanambalako musauze munthu, koma woimbayo amalankhula mosalekeza dala kuti musapeze mpata wouwerenga wonse.

Kaninso mukauzidwa kuti muike pulogalamu inayake pafoni panu, mutsegule linki imene yatumizidwa muli pafoni, kapena mudinde manambala oyamba ndi kanyenyezi. Mapulogalamu ena amapatsa munthu wakutali mphamvu yoona ndi kuyendetsa foni yanu, ndipo manambala a kanyenyezi ena amatumiza ndalama kapena kupatutsira kwa munthu wina mafoni amene akubwera kwa inu.

Koma bwanji amafunsa zaka zanga, ndalama zimene ndimapeza ndi anthu amene ndimakhala nawo? Kodi zimenezi si zachinsinsi?

N'zachinsinsi ndithu, ndipo kukayikira kwanu n'komveka. Komabe kafukufuku weniweni amafunsa zimenezi, chifukwa popanda kudziwa zaka za anthu, kukula kwa mabanja ndi zopeza zawo, boma silingadziwe kuchuluka kwa umphawi kapena malo amene akufunika sukulu ndi zipatala. Kusiyana kwake kuli pa mtundu wa funso. "Banja lanu limapeza ndalama zochuluka bwanji pamwezi?" ndi funso la ziwerengero, ndipo nthawi zambiri mukhoza kuyankha mongoyerekeza kapena kusankha gulu limene mukugweramo. "Ndalama zanu mumasunga ku banki iti, ndipo akaunti yake ndi nambala yanji?" ndi funso la munthu amene akufuna kuzifikira ndalamazo.

Pali mafunso ena amene ali pakati, ndipo amenewa ndi amene amafuna maso. Tsiku lobadwa limafunsidwa pa kalembera ndi pa kafukufuku wina weniweni, koma tsiku lomwelo, likaphatikizidwa ndi dzina lonse, nambala ya chiphaso cha unzika ndi dzina la mayi anu, limakwanira kuti munthu adzionetse ngati inu ku kampani ya mafoni n'kutenga SIM khadi yatsopano ya nambala yanu. Akatero, timanambala tonse totsimikizira timayamba kupita kwa iye. N'chifukwa chake kutsimikiza kuyenera kubwera mafunso asanayambe, osati mutafika kale pakati. Ndipo mafunso akayamba kulunjika pa nthawi imene panyumba pamakhala popanda munthu, katundu wamtengo wapatali amene muli naye ndi komwe mumamusunga, muli ndi chifukwa chokwanira choimitsira zokambiranazo.

Kodi ndili ndi ufulu wokana?

Zimatengera dziko ndi mtundu wa kafukufuku. Kalembera wa anthu onse ndi wokakamizidwa ndi lamulo m'mayiko ambiri. Ku United States, American Community Survey ndi wokakamizidwa pamene Current Population Survey ndi wodzifunira; ku Canada kafukufuku wa zantchito ndi wokakamizidwa, pamene ku Britain wofanana naye ndi wodzifunira. Wofufuza ayenera kukuuzani zoona pa mfundoyi, ndipo pa kafukufuku wodzifunira mukhoza kukana zonse, kudumpha funso limene simukumasuka nalo, kapena kusiyira panjira.

Ngakhale pamene lamulo likukakamiza, udindo wanu ndi woyankha nthambi ya boma, osati mawu alionse amene adzitcha boma pafoni. Kupempha mpata wotsimikiza si kukana. Komanso chindapusa cha boma sichilipiridwa pafoni nthawi yomweyo potumiza ndalama ku nambala ya munthu. Amene akukuopsezani kuti apolisi akubwera lero lomwe, kuti mutsekeredwa nambala kapena kuti muchotsedwa pa thandizo limene mumalandira ngati simulipira, si wofufuza.

Mayankho anga amapita kuti, ndipo angagwiritsidwe ntchito pondivulaza?

Mu 1994 bungwe la United Nations loona za ziwerengero linavomereza mfundo 10 zoyendetsera ziwerengero za boma, ndipo mu 2014 msonkhano waukulu wa mayiko onse a m'bungwe lalikulu la United Nations unazivomerezanso. Mfundo yachisanu ndi chimodzi imanena kuti zimene munthu payekha wapereka ziyenera kusungidwa mwachinsinsi ndi kugwiritsidwa ntchito pa ziwerengero zokha. Tanthauzo lake n'lakuti mayankho anu sayenera kuperekedwa kwa okhometsa msonkho, apolisi kapena oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo zimene zimafalitsidwa ndi ziwerengero zophatikiza, zopanda mayina. Mayiko ambiri anaika zimenezi m'malamulo awo. Ku United States, wantchito wa Census Bureau amene waulula chinsinsi akhoza kumangidwa mpaka zaka 5, kulipitsidwa mpaka madola 250,000, kapena zonse ziwiri, ndipo zolemba za kalembera zokhala ndi mayina zimatsekedwa kwa zaka 72. Ku England ndi Wales zimatsekedwa kwa zaka 100, moti za kalembera wa 1921 zinatsegulidwa mu 2022.

Sichingakhale chilungamo kunena kuti lonjezo limeneli silinaswedwepo. Mu 1942, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, lamulo la ku United States linafooketsa chitetezo cha zolemba za kalembera, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa zinathandiza boma potsekera m'misasa anthu a mtundu wa Chijapani okhala m'dzikomo. Nkhani imeneyi imakumbukiridwa mpaka lero pakati pa akatswiri a ziwerengero, ndipo ndi chifukwa china chimene munthu sayenera kuchitira manyazi pofunsa kuti ndi lamulo liti limene likuteteza mayankho ake, ndani adzawaone, ndipo dzina lake lidzasungidwa kwa nthawi yaitali bwanji. Wofufuza wophunzitsidwa bwino amakhala ndi yankho, kapena amakulozerani kwa amene ali nalo.

Andilonjeza mphatso ndikamaliza kuyankha. Kodi chimenechi n'chizindikiro cha chinyengo?

Osati nthawi zonse. Kafukufuku wina weniweni amapereka kangachepe kothokoza, monga mayunitsi a foni kapena vocha yogulira zinthu. Chimene muyenera kuyang'ana ndi zimene akukupemphani kuti mulandire mphatsoyo. Kulandira ndalama kapena mayunitsi sikufuna nambala yachinsinsi, ndipo mphatso yeniyeni silipiridwa kaye. Akakuuzani kuti mutumize kandalama kotsegulira njira, kapena kuti kuyankha kwanu kwakulowetsani pa mndandanda wa olandira thandizo la boma kapena ngongole, dziwani kuti kafukufuku wa ziwerengero salembetsa anthu pa zimenezo.

Woimbayo akuti ndi wa kampani ina koma akugwirira ntchito boma. Zimatheka?

Zimatheka, chifukwa maunduna ndi nthambi za boma amalemba ganyu makampani ofufuza kapena masukulu a ukachenjede. Funsani dzina la kampaniyo ndi la nthambi imene yaituma, kenako tsimikizani kunthambiko. Ngati mafunso athera pa kukugulitsani inshuwalansi, mankhwala kapena malonda ena, amenewo anali otsatsa malonda obisala m'dzina la kafukufuku.

Kodi sikungakhale bwino kungosiyiratu kuyankha mafoni onse otere?

Palibe amene angakudzudzuleni posamala, ndipo pa kafukufuku wodzifunira ufuluwo ndi wanu. Komabe pali chimene chimatayika. Banja losankhidwa limaimira mabanja ena ambiri ofanana nalo, ndipo ofufuza sangangotenga loyandikana nalo m'malo mwake popanda kusokoneza kasankhidweko. M'mayiko ambiri chiwerengero cha anthu oyankha chakhala chikutsika, ndipo amene amakana kawirikawiri safanana ndi amene amavomera. Ngati okalamba, osauka kapena anthu ogwira ntchito usiku sakumveka, ziwerengero zimaonetsa dziko losiyana ndi lenileni, ndipo ndondomeko za boma zimamangidwa pa chithunzi cholakwikacho. Ine maganizo anga ndi akuti munthu atsimikize, ndipo akapeza kuti kafukufukuyo ndi weniweni, ayankhe zimene angathe. Ngati foni simukuikhulupirirabe, funsani ngati pali njira ina, monga fomu ya papepala kapena kukumana ndi wofufuza wokhala ndi chitupa cha pantchito.

Ndingawateteze bwanji makolo okalamba ndi ana?

Okalamba ambiri anakula akulemekeza mawu a boma ndipo amaona ngati kudula foni munthu akulankhula ndi mwano. Musawanyoze kapena kuwaopseza, chifukwa akadzanyengedwa adzakubisirani. Gwirizanani nawo chinthu chimodzi chosavuta: wina akaimba n'kutchula boma, banki kapena kampani ya mafoni, anene kuti afunsa kaye a m'banja, adule, kenako akuimbireni. Ana auzidwe kuti asanene kwa mlendo pafoni ngati makolo alipo kapena achoka, ndiponso asawerenge manambala obwera pa uthenga. Pamene foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, onse ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa wachinyengo akakanidwa ndi mmodzi amaimbanso nthawi ina kuti apeze wina.

Ndapereka kale zinthu zimene sindimayenera kupereka. Nditani tsopano?

Chitanipo kanthu msanga, ndipo manyazi asakuchedwetseni, popeza anthu amenewa amachita zimenezi ngati ntchito ndipo amanyenga ngakhale ophunzira kwambiri. Ngati mwatchula nambala yachinsinsi, manambala a khadi kapena kanambala kotsimikizira, imbirani banki kapena kampani ya ndalama za pafoni nthawi yomweyo pa nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi kapena pa zikalata zawo, mupemphe kuti atseke khadi kapena akauntiyo ndi kuimitsa ndalama zimene zikadali panjira. Sinthani pasiwedi kuyambira ya imelo, chifukwa imelo ndi imene imagwiritsidwa ntchito pobwezeretsa maakaunti ena onse. Ngati munaika pulogalamu imene munauzidwa, zimitsani intaneti pafoniyo, chotsani pulogalamuyo, ndipo posintha mapasiwedi mugwiritse ntchito chipangizo china.

Foni yanu ikataya netiweki mwadzidzidzi pamene anzanu pamalo omwewo ali nayo, musadikire kuti ibwerere yokha. Funsani ku kampani ya mafoni ngati wina watenga SIM khadi ina ya nambala yanu. Lembani tsiku, nthawi, nambala imene inaimba ndi zimene zinanenedwa, sungani mauthenga onse, kenako kanenani kupolisi, ku bungwe loyang'anira za mafoni m'dziko lanu, ndi ku nthambi ya boma imene dzina lake linagwiritsidwa ntchito, kuti ichenjeze anthu ena. WhatsApp yanu ikalandidwa, dziwitsani abale ndi anzanu kudzera m'njira ina kuti asatumize ndalama kwa amene akulemba m'dzina lanu.

M'masiku otsatira yembekezerani foni yachiwiri. Munthu amene wanyengedwa kamodzi amaimbiridwanso, ulendo uno ndi wina wodzitcha wapolisi, wa kubanki kapena loya, amene amadziwa zonse zimene zinachitika ndipo amalonjeza kubweza ndalama zotayikazo mukalipira kaye kenakake. Ameneyonso mumufunse dzina ndi ofesi yake, mudule, ndipo muimbe nokha pa nambala imene mwaipeza panokha.